Kuthira oyilo wa haidiroliki mu thirakitala yakale ya Ferguson popanda kumwaza: mafunso ndi mayankho

Thirakitala yakale ikamasulidwa, kutsukidwa, kumangidwanso ndi kupakidwa penti watsopano, pamatsala ntchito imodzi yooneka yaing'ono, yothira oyilo m'mimba mwake. Ambiri amaipeputsa, ndipo pomafika madzulo oyilo amakhala ali pa zopondera, pa matayala ndi pansi pa shedi, wina atayamba kale ulendo wopita ku mabuleki. Mayankho otsatirawa akukhudza makamaka Ferguson TE20, Massey Ferguson 35 ndi 135, mathirakitala apachibale amene ena mwa iwo akulimabe m'minda ya kuno kwathu.

Ndayang'ana paliponse koma thanki ya haidiroliki sindikuiona. Ili pati?

Palibe thanki yapadera. Pa mathirakitala amenewa giyabokosi, difu ndi haidiroliki zimamwera limodzi oyilo mmodzi, ndipo thupi lachitsulo la thirakitalayo, kuyambira kuseri kwa kilatchi mpaka ku ekiselo ya kumbuyo, ndilo mosungiramo. Pampu ili pansi pa mpando umene mumakhalapo, yomira mu oyilo womwewo.

Kapangidwe kameneka ndi ka Harry Ferguson, mwana wa mlimi wa ku County Down ku Northern Ireland, amene anafuna kuti pulawo ikhale ngati chiwalo cha thirakitala, yolumikizidwa pa mfundo zitatu ndi kukwezedwa ndi mphamvu ya oyilo. Nzeru zake zinayamba kufalikira ndi Ford 9N ya mu 1939 ku America, kenaka ndi TE20 imene kampani ya Standard inkapanga ku Banner Lane mu mzinda wa Coventry kuyambira 1946 mpaka 1956. Anapanga zoposa 500,000. Pambuyo pake panabwera 35, ndipo mu 1964 panatuluka 135. Zonsezi zinasunga mimba imodzi ya oyilo.

Koma musaganize kuti thirakitala iliyonse yakale ili choncho. Pa Fordson Dexta, giyabokosi ili ndi oyilo wake, ndipo haidiroliki imamwa wa ku ekiselo ya kumbuyo. Ngati yanu si ya banja la Ferguson, yambani mwatsimikiza kaye kuti zipinda zake n'zingati.

Nanga pothirira ndi poyezera pali pati?

Pothirira pali pamwamba pa giyabokosi, pambali pa chitsulo chosinthira magiya, pakati pa miyendo yanu mukakhala pampando. Ndi pulagi yaikulu yomasula ndi sipanala. Kachitsulo koyezera, kamene amakaniko amati dipisitiki, kali kumbuyo, pa chivundikiro cha m'mbali mwa thupi la thirakitala, kudzanja lamanja mukakhala pampando. Zindikirani kutalikirana kwa malo awiriwa, chifukwa vuto lalikulu la ntchito yonseyi lagona pamenepo: mumathira kutsogolo koma mumayeza kumbuyo.

Bokosi la chiwongolero lili ndi kapulagi kakekake ndi oyilo wakewake. Musasokoneze ziwirizi.

Amalowa malita angati?

TE20 imamwa pafupifupi malita 23, ndipo 35 ndi 135 zimamwa pafupifupi malita 30. Chigubu chimodzi cha malita 20 sichikwanira. Manambalawa ndi okuthandizani pogula, osati oti muthire maso ali gwa pa chigubu mpaka chithe. Mwina mu silinda kapena m'makona munatsalira oyilo wakale, mwinanso thirakitala yanu inasinthidwa ziwalo m'zaka zonse zapitazi. Wokuuzani zoona ndi dipisitiki.

Kusitolo andiuza kuti oyilo wa haidiroliki ndi mmodzi basi. Ndigule wotani?

Sanakuuzeni zoona, ngakhale mwina sanafune kukunamizani. Oyilo wopyapyala wogwiritsa ntchito m'makina okumba ndi m'majeke, uja wolembedwa 32, 46 kapena 68, anapangidwira pampu ndi masilinda okha. Mu Ferguson oyilo yemweyo ayeneranso kutchinjiriza mano a magiya ndi a difu amene amakukutana ndi mphamvu yonse ya injini pulawo ikamira m'nthaka. Wopyapyalayo sakwanitsa ntchito imeneyi, komanso amathawira msanga pa seal iliyonse yotopa.

Mbali inayi palinso msampha. Oyilo wa magiya wa magalimoto, wolembedwa EP kapena GL-5, amakhala ndi mankhwala a sulufule amene akatentha amatha kudya zitsulo zamkuwa, ndipo mu pampu ya mathirakitala akalewa muli ziwalo zamkuwa. Fungo lake lokha limamuulula, ndi lamphamvu lobaya m'mphuno.

Chimene TE20 inapangidwira ndi oyilo wamba wopanda mankhwala amenewo: wa magiya wa SAE 90 wolembedwa GL-1, kapena wa injini wa SAE 40 kapena 50. Musadabwe ndi kusiyana kwa manambala, pakuti oyilo wa magiya ndi wa injini amawerengedwa pa miyeso yosiyana, ndipo SAE 90 wa magiya amalemera mofanana ndi SAE 40 kapena 50 wa injini. Eni ake ambiri ku Britain masiku ano amathira oyilo wa mathirakitala wogwira ntchito zonse, wolembedwa STOU, monga 15W-30, chifukwa kumeneko m'nyengo yozizira oyilo wolemera amachititsa pulawo kukwera mwaulesi m'mawa. Kuno kotentha chifukwa chimenecho n'chochepa mphamvu. Thirakitala ya pampu yakale yolima ku Chigwa cha Shire mu Okutobala ine ndingaithire wolemererapo. Pa 135, makamaka yokhala ndi Multi-Power, funani oyilo wa mathirakitala amene pa chigubu pake palembedwa kuti akukwaniritsa muyeso wa Massey Ferguson, monga M1135.

Mafuta a mabuleki asayandikire n'komwe. Amatupitsa ma seal ndipo amasupula penti.

N'chifukwa chiyani mumalimbikira za ukhondo poti oyilo ndi watsopano?

Chifukwa TE20 ilibe fyuluta ya haidiroliki. Kamchenga kamene kalowa lero kamazungulira mpaka tsiku limene mudzakhuthule oyiloyo. Pampu yake ndi ya mapisitoni anayi, ndipo imalamulidwa ndi kavavu kamene kamayenda m'malo mwake mothinana kwambiri. Kanyenyeswa kamodzi kakakhala pamenepo, mikono yokwezera imakakamira m'mwamba kapena imakana kudzuka, ndipo munthu amayamba kuimba mlandu pampu yatsopano imene wagula ndi ndalama zambiri. Mathirakitala a 135 ambiri ali ndi kasefa pakamwa pa pampu, koma kamagwira zinyalala zikuluzikulu zokha.

Thirakitala yongokonzedwa kumene ndi imene ili pangozi yaikulu kuposa yogwira ntchito tsiku ndi tsiku. Imakhala kuti yakwechedwa ndi sandipepala, mwina yapoperedwa mchenga pochotsa dzimbiri, ndipo fumbi limenelo limabisala m'mizere ya mabawuti ndi mozungulira pulagi. Wina amakhala wapaka silikoni wambiri pa gasiketi, wotsalayo n'kufinyikira mkati, kuuma n'kusanduka tizingwe toyandama. Sanza zopukutira nazo zimasiya ulusi. Ndiye pofika tsiku lothira, wina amatola fanulo imene yagona pansi pa benchi chaka chathunthu, n'kuipukuta ndi malaya.

Ndimaona kuti kumwaza oyilo kunja ndi kulowetsa dothi mkati zimachokera ku chinthu chimodzi, chomwe ndi phuma. Munthu amene wakonza malo kuti asataye dontho amakhalanso watsuka fanulo, wapukuta pakamwa pa chigubu, ndipo sasiya bowo lili yasa mphepo ya fumbi ikuwomba. Dontho la pansi mumaliona n'kulipukuta. Mchenga wolowa mkati simuuona, ndipo ndi umene umapha pampu.

Ndikonzeretu chiyani ndisanatsegule chigubu?

Imikani thirakitala pamalo osatsetsereka, makamaka pa simenti, muzimitse injini ndi kuika miyala ku matayala. Ikapendekeka pang'ono dipisitiki imanama. Tsitsani mikono yokwezera mpaka pansi kuti silinda ikhale yopanda kanthu.

Kenaka gwadani muone mapulagi okhuthulira. Pa TE20 alipo atatu: pansi pa giyabokosi, pansi pa pampu ndi pansi pa difu. Pa 35 alipo awiri. Gwirani iliyonse ndi sipanala, osangoyang'ana ndi maso, chifukwa pomanga thirakitala anthu amakonda kulowetsa pulagi ndi zala kuti adzamange bwino mawa, mawalo osafika. Pulagi imene ili ndi washa muikire watsopano. Onaninso mabawuti a zivundikiro za m'mbali ndi kumbuyo kumene kumatulukira shafiti ya PTO.

Yalani makatoni pansi pa thirakitala yonse. Katoni youma ndi yabwino kuposa pulasitiki chifukwa imamwa dontho pomwe lagwera n'kukuonetsani kumene lachokera. Tsukani mozungulira pulagi yothirira ndi burashi ndi palafini pang'ono musanaimasule, mupukute, kenaka mukulunge nsalu yoyera mozungulira bowolo ngati nkhata. Phimbani zopondera za kilatchi ndi mabuleki. Pafupi pakhale beseni, sanza zosayoyoka ulusi, ndi ndowa ya utuchi kapena mchenga wouma.

Chigubu chikhale padzuwa kwa ola limodzi kapena awiri chisanatsegulidwe. Oyilo wofunda amayenda mofulumira, ndipo zimenezi zimakupulumutsani nthawi yambiri m'mawa wa mu Juni.

Chigubu cha malita 20 n'cholemera, ndipo oyilo amatuluka modukizadukiza n'kuthovokera pambali. Ndichite bwanji?

Musathire kuchokera m'chigubu chachikulu. Malo a pothirira ndi opanikiza, chiwongolero chili pamwamba, chitsulo cha magiya chili pambali, ndipo inu mwanyamula makilogalamu pafupifupi 18 mutawerama. Palibe dzanja limene lingakhazikike pamenepo. Ikani chigubucho pa benchi ndipo muzitsanulira m'kachigubu koyera ka malita 5, kapena m'jagi ya milomo yosongoka. Mukatero mukudziwanso bwino malita amene alowa. Lembani ndi choko pakhoma ulendo uliwonse, chifukwa wina akakuyankhulitsani pakati pa ntchito chiwerengero chimathawa.

Kudukizako kumabwera chifukwa mpweya ukulimbana ndi oyilo pakhomo limodzi. Oyilo akatseka pakamwa ponse, mpweya umalowa mokakamiza, ndiye kuti gubu gubu. Tembenuzani chigubu kuti pakamwa pake pakhale chakumwamba pamene mukupendeketsa, osati chakumunsi monga mmene dzanja limafunira, kapena chigonekeni cham'mbali. Oyilo amadutsa m'munsi mwa kamwalo, mpweya n'kumalowa pamwamba pake, ndipo amatsika ngati chingwe chosaduka.

Fanulo ikhale ya khosi lalitali, kapena muilumikize ku kapayipi koyera koonekera mkati, kuti pakamwa pake pakhale poyera, kutali ndi chiwongolero. Imangeni ndi waya ku chiwongolero kuti manja onse awiri akhale pa jagi. Ndipo pali kanthu kamene ambiri sakadziwa: fanulo isatseke bowo lonse. Mpweya wa mkati mwa giyabokosi uyenera kupeza potulukira, apo ayi umabwerera kudzera mu fanulo momwemo n'kulavula oyilo pa penti wanu. Kawaya kokhuthala kopindidwa ngati mbedza, kokoledwa pa mlomo wa bowo kuti kasagwere mkati, kamasiya mpata wokwanira.

Amene angapeze kapampu kopukusa kapena kopopa ndi dzanja, kaja kolowetsa m'chigubu kapena mu diramu, ntchito yake ndi yopepuka koposa: payipi m'bowo, chigubu pansi, palibe chonyamula. Kapampuko kakhale ka oyilo yekhayu, osati komwe dzulo kanapopa dizilo wa m'diramu ya dzimbiri. Kukoka oyilo ndi pakamwa kuti ayambe kuyenda m'payipi musayerekeze.

Ngati fanulo yanu ilibe kasefa ka waya, gulani ina yokhala nako. Kusefera pa nsalu kumalowetsa ulusi womwe mukuuthawawo.

Ndathira malita 10, fanulo yayamba kudzaza, koma dipisitiki ikadali youma. Kodi china chatsekeka?

Kawirikawiri palibe chatsekeka. Oyilo akugwera m'chipinda cha giyabokosi, ndipo kuti akafike ku chipinda cha pampu ndi ku difu ayenera kudutsa m'timipata tating'ono ta m'makoma olekanitsa zipindazo. Zili ngati madzi othirira mpunga akamachoka m'ndime ina kupita m'ndime ina pa kampata kamodzi: yoyamba imasefukira yomaliza isananyowe. Oyilo wolemera ndi wozizira amachedwa kwambiri.

Apa ndi pamene anthu ambiri amaonongera ntchito, ndipo amalakwitsa m'njira ziwiri. Wina amapitiriza kuthira mpaka oyilo atabwerera pa bowo n'kuyenderera pa giyabokosi. Wina amathira pang'onopang'ono bwinobwino, koma amayeza msanga, n'kuona kuti mlingo ndi wotsika, n'kuwonjezera malita ena. Patapita ola limodzi oyilo atakhazikika, mlingo wadutsa mzere.

Thirani malita 5, muime, mumve kuti watsika. Thiraninso ena. Mukatsala ndi malita atatu kapena anayi kuti mufike pa chiwerengero cha thirakitala yanu, lekani ndithu, bwezerani pulagi pa bowo kuti fumbi lisalowe, ndipo mupite mukachite zina kwa theka la ola. Mukabwera, sololani dipisitiki, muipukute, muibwezere mpaka pansi, musololenso. Dikirani mphindi zina 10 muyezenso. Miyeso iwiri ikafanana, oyilo wakhazikika, ndipo mutha kuwonjezera theka la lita nthawi imodzi mpaka mufike pamene mukufuna. Ngati nthawi ilipo, thirani madzulo, mudzayeze m'mawa.

Oyilo watsopano ndi woyera moti saoneka bwino pa chitsulo. Gonekani dipisitiki pa pepala loyera, malire ake adzaonekera pa pepalapo.

Ndamva ena amati osadzaza mpaka pa mzere wa pamwamba. N'zoona?

Langizo limeneli lili ndi chifukwa chomveka. Ekiselo ya kumbuyo ili ndi mikono iwiri yobowoka mkati yopita ku matayala, ndipo kumapeto kwake kuli ma seal, kuseri kwa ma seal kuli mabuleki ouma a nsapato. Oyilo akakwera kwambiri amayenderera m'mikonomo n'kumakankha ma seal nthawi zonse, makamaka thirakitala ikamayenda mopendekeka m'mbali mwa phiri. Seal ikagonja, nsapato za buleki zimanyowa, ndipo buleki ya mbali imodzi ikagwira inayo osagwira, thirakitala yokoka ngolo pamtsetse imakhotera kumene simunafune.

Chifukwa cha ichi, okonza mathirakitala a TE20 ambiri amagwiritsa ntchito bawuti ya pansi penipeni pa chivundikiro chozungulira cha m'mbali. Amaimasula, kuika kachitini pansi pake, n'kumathira pang'onopang'ono mpaka oyilo atayamba kudontha pa bowo la bawutiyo. Akasiya kudontha amabwezera bawuti. Mlingo umenewo ndi wokwanira pampu ndi magiya pa ntchito wamba. Njirayi ndi yothandizanso ngati mukukayikira kuti dipisitiki yanu si ya thirakitala imeneyo, zomwe zimachitika kwambiri pa makina amene adutsa m'manja mwa anthu ambiri. Koma mlingo usatsike kufika pansi pa mzere wa m'munsi wa dipisitiki yoyenera.

Ndadutsitsa kale. Ndichepetse bwanji osasamba oyilo?

Musamasule pulagi ya pansi poganiza kuti muibweza msanga. Malita 20 akakhala pamwamba pa bowo lalikulu chotero, oyilo amatuluka mwamphamvu, pulagi imaterereka m'zala, ndipo mumatsala mutatseka bowo ndi chikhato mukuitana anthu. Masulani bawuti ya pansi ya chivundikiro cha m'mbali ija, wopitirirayo atuluke yekha pang'onopang'ono m'chitini choyera. Kapena mukokeni ndi kapampu ka dzanja kapena jekeseni yaikulu yokhala ndi kapayipi.

Kodi ndiyenera kutulutsa mpweya monga timachitira ndi mabuleki a galimoto?

Ayi. Pampu ndi yomira mu oyilo, ndipo silinda yokwezera imakankhidwa mbali imodzi yokha, kutsika kwake n'kwa kulemera kwa chimene mwakoleka. Mpweya umatuluka wokha mukakweza ndi kutsitsa kangapo.

Lizani injini pang'onopang'ono. Pa TE20 kumbukirani kuti pampu imayendetsedwa ndi shafiti ya PTO, choncho chogwirira cha PTO, chomwe chili pa chivundikiro cha kumanzere, chiyenera kulowetsedwa ndipo phazi lichoke pa kilatchi. Anthu ena amamasula pampu yabwinobwino chifukwa choiwala zimenezi. Popeza shafitiyo ikhala ikuzungulira kumbuyo, ivundikireni ndi chipewa chake ndipo pasaime munthu, makamaka mwana kapena wovala chitenje. Pa 35 ndi 135 simufunika kulowetsa PTO.

Kolekani pulawo kapena chinthu china cholemera, chifukwa mikono yopanda katundu imatsika mwaulesi ndipo siikuuzani zambiri. Musadabwe TE20 ikamakana kuima pakatikati. Inapangidwa kuti izitsata kulimba kwa nthaka pa pulawo, ndipo chogwirira choimitsa mikono pamene mukufuna chinabwera ndi 35. Poyamba mikono imatha kunjenjemera kapena kukwera modumphadumpha. Zikapitirira patatha maulendo angapo, zimitsani muone mlingo. Oyilo wa thovu amasonyeza kuti pampu ikumeza mpweya chifukwa mlingo ndi wotsika.

Mukamaliza, tsitsani mikono, zimitsani injini, dikirani, muyezenso.

M'mawa ndapeza madontho pa katoni. Ndiyambire pati?

Pukutani thirakitala yonse iume, muyale katoni ina, muone dontho loyamba. Oyilo amayenda mtunda pa chitsulo asanagwe, choncho tsatirani njira yake chokwera mpaka pamene yayambira. Ufa woyera pang'ono wowazidwa pamalo okayikitsa umaonetsa njirayo bwino.

Dontho la pa pulagi ndi washa. La pa chivundikiro cha m'mbali ndi gasiketi kapena bawuti, ndipo kumanga mopitirira muyeso kumangopinda chivundikirocho. La kumbuyo ndi seal ya PTO. La mkati mwa tayala la kumbuyo ndi seal ya ekiselo, ndipo limenelo musalilekerere chifukwa cha mabuleki aja. Pansi pa chipinda cha kilatchi pali kabowo kokhala ndi kapini kolendewera. Kabowoko n'kadala, musakatseke. Pakamadontha oyilo woyera ndiye kuti seal ya kutsogolo kwa giyabokosi yatopa, ndipo wakuda amachokera ku injini. Zonse ziwiri zimafuna kugawa thirakitala pakati.

Ngati pali mapayipi a kunja opita ku ngolo kapena ku chonyamulira, musafufuze podontha ndi chala injini ikulira. Pa 35 mphamvu ya oyilo imapitirira 2,000 psi, ndipo kabowo kosaoneka ndi maso kamatha kubaya oyilo kulowa pansi pa khungu. Bala lake limaoneka laling'ono koma limafuna dokotala tsiku lomwelo. Fufuzani ndi kachidutswa ka katoni.

Wagwera pa penti watsopano. Waonongeka?

Penti wouma bwino saopa oyilo wamtunduwu. Pukutani ndi nsalu yofewa osakwecha, kenaka mutsuke ndi madzi a sopo. Petulo ndi thina ndiwo amaononga penti, makamaka wa masabata ochepa amene sanalimbe. Pa matayala pukutani msanga chifukwa oyilo amafewetsa labala. Pa zopondera musasiye ngakhale pang'ono. Wa pa simenti mukwirireni ndi utuchi kapena mchenga, mupondeponde, musese mawa lake.

Yanga sinamasulidwe mkati, ndangoipenta. Oyilo wakale akuoneka ngati tiyi wamkaka. Ndingowonjezera watsopano?

Ameneyo ndi oyilo wosakanikirana ndi madzi, ndipo ayenera kutuluka yense. Madzi amalowera pa labala yong'ambika ya patsinde pa chitsulo cha magiya ndi pa sipuling'i yaikulu ya kuseri kwa mpando, thirakitala ikamagona panja m'dzinja, komanso chinyezi chimasanduka madzi mkati momwemo. Sinthani malabalawo, apo ayi chaka chamawa mudzataya malita ena oposa 20.

Yendetsani thirakitala kaye kuti oyilo afunde, tsitsani mikono, ndipo mukhale ndi zotengera zokwana malita 30 musanagwire sipanala. Beseni la malita 10 lidzasefukira mukuona. Masulani pulagi imodzi, ithe, kenaka inayo. Pomasula, ikanikizeni m'mwamba mpaka mizere yonse itatha, kenaka muichotse mofulumira cham'mbali.

Ena amathira dizilo kapena palafini n'kuyendetsa thirakitala kuti atsuke mkati. Ine sindikonda kuliza pampu ndi magiya pa mafuta opyapyala chotero, ndipo matope amene agona pansi zaka 40 sasungunuka ndi kuzungulira bwalo kawiri. Chotsani zivundikiro za m'mbali, injini itazima, mukokolole matopewo ndi dzanja ndi burashi, mutsukuluze ndi dizilo mapulagi ali otsegula, ndipo musiye usiku wonse kuti zikhe.

Oyilo wakaleyo ndimutaye kuti?

Osati pansi, osati m'ngalande, osati m'chimbudzi chokumba. Amalowa m'nthaka n'kukafika ku madzi a m'zitsime ndi m'madambo, amene anthu ndi ziweto amamwa. Mutsanulireni m'zigubu zimene mwakhuthula zija, mutseke, mulembe, ndipo mufunse ku galaja yaikulu kapena kumene mumagula oyilo ngati amasonkhanitsa wakutha. Chizolowezi chopaka oyilo wakutha pa zilonda za ng'ombe kapena pa agalu a mphere chilekeke, chifukwa ndi poizoni pa khungu la nyama ndi la munthu yemwe. Zigubu za oyilo zisadzasanduke zotungira madzi akumwa ngakhale zitatsukidwa.

Ndikufuna kumakoka ngolo yodzikhuthula yokha. Mlingo ukhale womwewo?

Silinda ya ngoloyo imamwa oyilo wa m'mimba mwa thirakitala, malita angapo ikakwera, ndipo amabwerera ikatsika. Choncho muziyeza ngolo ili pansi. Pa ntchito imeneyi dzazani mpaka pa mzere wa pamwamba wa dipisitiki, kuti pampu isameze mpweya ngolo ili m'mwamba. Musawonjezere oyilo ngolo itakwera, chifukwa ikatsika mlingo udzapitirira. Ngolo yobwereka imabwera ndi oyilo wa thirakitala ina m'silinda mwake, ndipo adzasakanikirana ndi wanu. Pukutani zolumikizira payipi musanalumikize, ndipo muzizivundikira zikakhala padera.

Ndidzasinthenso liti?

Pa thirakitala yongomangidwa kumene, oyilo woyamba ndi amene amatola zonse zimene zinatsalira pokonza, choncho sindingamusiye nthawi yaitali. Ikagwira ntchito maola makumi angapo, mukhuthuleni ali wofunda m'chotengera choyera ndipo muyang'anitsitse mapulagi. Ambiri, makamaka pa 35 ndi 135, ali ndi maginito. Kaufa kotuwa kofewa pa maginito si kodetsa nkhawa, ziwalo zatsopano zimatero zikamazolowerana. Tizidutswa tachitsulo togwirika ndi zala, kapena tonyezimira ngati golide pansi pa beseni, tikutanthauza kuti giya, bering'i kapena mkuwa wa mu pampu ukudyeka, ndipo ndi bwino kutsegula chivundikiro cha m'mbali musanathire wina. Kuyambira pamenepo, kusintha kamodzi pachaka, mvula ikatha, n'kokwanira kwa thirakitala yosalima maola ambiri, ndipo dipisitiki muziisolola sabata iliyonse m'nyengo yolima.